Ndakatulo Yoyenda Nayo pa Mdipiti

M'chaka cha 1264 Papa Urban IV analamula kuti Eklezia yonse izichita chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye. Mapemphero ndi nyimbo za tsikulo anakonza ndi Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wa mabuku akuluakulu amene ngakhale ansembe amawawerenga ndi thukuta. Koma pa ntchito iyi sanalembere ophunzira okha. Nyimbo yake ya Chilatini yotchedwa Pange Lingua anaiumba kuti ndi mlimi yemwe aisunge pamtima.

Tiyeni tione kamangidwe kake. Ili ndi ndime 6, ndipo ndime iliyonse ili ndi mizere 6. Mzere woyamba uli ndi maphatikizo 8, wachiwiri 7, ndipo imapitirira motero mpaka kumapeto. Liwu limagwa mwamphamvu pa phatikizo loyamba, nkupepuka pa lachiwiri, monga mapazi a munthu wa paulendo. Muyeso umenewu Thomas anautengera kwa Venantius Fortunatus, amene m'zaka za m'ma 500 analemba nyimbo yotamanda Mtanda yoyamba ndi mawu omwewo. Chimene anawonjezapo ndi ichi: mzere woyamba, wachitatu ndi wachisanu imatha ndi mamvekedwe ofanana, wachiwiri, wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi nayonso ili ndi mathero akeake. Motero mzere umodzi umaitana unzake, ndipo woimba saiwala msanga.

Nkhani yake nayonso imayenda ndi dongosolo. Ndime yoyamba itiitana kuti titamande. Yachiwiri ikamba za kubadwa kwa Yesu mwa Maria Virigo, yachitatu za mgonero wotsiriza. Yachinayi ndiyo mtima wa zonse: buledi asanduka Thupi, vinyo asanduka Magazi, ndipo pamene maso ndi lilime zalephera, chikhulupiriro chikwanira. Ndime ziwiri zotsiriza, zimene ambiri timazidziwa ndi dzina loti Tantum Ergo, ndi za kupembedza ndi kulemekeza Utatu Woyera. Thomas satigwaditsa asanatiuze amene tikumgwadira.

Apa pali phunziro kwa ife makolo. Mwana amene tamgwaditsa osamfotokozera, tsiku lina adzaimirira nkuchoka. Pa Lachinayi Loyera, potsatira Sakramenti Loyera pa mdipiti, tidzifunse ngati kunyumba kwathu takambapo za Betelehemu ndi za mgonero uja tisanauze ana kuti apinde maondo.