Ufulu Wosadziwa: Mawu a M'chipinda cha Uphungu

Pa pepala la zotsatira za munthu amene wayezetsa matenda a Huntington pamalembedwa manambala awiri. Imodzi ndi ya jini imene anatengera kwa mayi ake, inayo ndi ya kwa bambo ake. Tinene kuti palembedwa 17 ndi 43. Ya 17 ilibe nkhani. Koma ya 43 ikutanthauza kuti mwini pepalayo, ngakhale lero ali ndi zaka 25, akusewera mpira ndipo sakumva kupweteka paliponse, adzadwala matenda owononga ubongo amene mpaka pano alibe mankhwala ochiza. Manambalawa amasonyeza kuti zilembo zitatu za DNA, C, A ndi G, zabwerezedwa kangati motsatizana mu jini ina ya pa chromosome 4. Zikafika 40 kapena kuposa, matendawo adzabwera ndithu ngati munthuyo sadzafa msanga ndi china. Zikakhala pakati pa 36 ndi 39, mwina adzabwera, mwina ayi. Zikachepera apo, iyeyo sadzadwala.

Nthawi zambiri matendawa amayamba munthu ali ndi zaka zapakati pa 30 ndi 50. Manja ndi miyendo zimangoponyeka zokha, khalidwe limasintha, nzeru zimabwerera m'mbuyo, kumeza kumavuta, ndipo imfa imadza patatha zaka 15 mpaka 20. Dokotala wa ku America, George Huntington, anawafotokoza mu 1872 ataona mmene ankayendera m'mabanja a ku Long Island. Kholo likakhala ndi jini yotereyi, chiopsezo cha mwana aliyense choitengera ndi 50 pa 100.

Ife tinakula tikuuzidwa kuti safunsa anadya phula, choncho mtima umathamangira kunena kuti munthu wanzeru ayezetse, adziwe pamene ali. Anthu a m'mabanja amenewa nawonso ankanena zomwezo njira yoyezera isanapezeke, ndipo ambiri akafunsidwa ankati adzayezetsa. Koma jiniyo itapezeka mu 1993, n'kuyamba kutheka kudziwa motsimikiza, m'mayiko ambiri amene anapita kukayezetsa sanakwane 20 pa 100 alionse. Mmodzi mwa amene sanayezetse ndi Nancy Wexler, katswiri amene anathera zaka zambiri akutenga magazi m'midzi ya asodzi ya m'mbali mwa nyanja ya Maracaibo ku Venezuela, komwe kuli mtundu waukulu wa anthu odwala matendawa. Magazi amenewo ndi amene anathandiza kuti mu 1983 malo a jiniyo adziwike. Mayi ake a Wexler anamwalira ndi matenda omwewa mu 1978. Wexler, yemwe anatsegulira dziko lonse njira yodziwira, anasankha kusadziwa za iye mwini, ndipo anadzaulula mu 2020 kuti akudwala zizindikiro zitaonekera kale. Sanali mbuli, sanalinso wamantha. Ankadziwa bwino kuposa aliyense chimene pepala lija likanamupatsa ndi chimene likanamulanda.

Ntchito ya uphungu wa matenda akumtundu inakulira m'nkhani zoterezi, ndipo mawu amene aphungu amagwiritsa ntchito amatiphunzitsa kuti kudziwa kuli mitundumitundu. Poyamba amasiyanitsa kuyezetsa kotsimikizira ndi kuyezetsa kolosera. Kotsimikizira n'kwa munthu amene akudwala kale, akufuna dzina la chimene chikumuvuta, ndipo dzinalo nthawi zambiri limakhazika mtima pansi. Kolosera n'kwa munthu wabwinobwino. Amalowa m'chipinda ali wathanzi, amatuluka ali wathanzi, koma zaka zake zonse zam'tsogolo zasintha mtundu. Akagwetsa kapu, amadzifunsa ngati zayamba. Akaiwala dzina la mnzake, usiku umenewo tulo kulibe.

Palinso mawu akuti penetrance, amene amanena kuti mwa anthu onse okhala ndi jini inayake, ndi angati amene amadwaladi. Ya Huntington ikafika 40 siphonya. Koma zambiri zimene zimapezeka mu DNA sizili choncho. Mayi wokhala ndi vuto mu jini ya BRCA1, imene inapezeka mu 1994, ali pa chiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mawere ndi ya m'thumba la mazira, koma si onse amene amadwala. Jini ya APOE yamtundu wa e4 imakweza chiopsezo cha matenda oiwalaiwala a Alzheimer, koma alipo okhala nayo amene amakalamba nzeru zili bwinobwino. Munthu amene amalakalaka kudziwa zonse amaganiza kuti adzapatsidwa mayankho. Zimene amapatsidwa kwenikweni ndi mulu wa mwina, ndipo mwina aliyense amafuna malo ake mumtima.

Mawu amene ndimawaona kuti ndi msana wa nkhani yonseyi ndi akuti actionable, kutanthauza zimene ukazidziwa ungachitepo kanthu. Mayi wa BRCA1 uja akhoza kumaunikidwa pafupipafupi, kapena kuchitidwa opaleshoni yochotsa mawere khansa isanayambe, monga anachitira katswiri wa mafilimu Angelina Jolie mu 2013. Kudziwa kwake n'kowawa, koma kukhoza kumuwonjezera zaka. Wa Huntington alibe mankhwala oti ayambe kumwa mawa.

Apa ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa ndi wina, chifukwa tinaziona ndi HIV. M'zaka za m'ma 1990 kuyezetsa magazi kunali ngati kukamva chigamulo cha imfa, ndipo amene ankati bola kusadziwa sankalankhula zopanda mutu. Mu 2004, chaka chimene boma linayamba kupereka ma ARV aulere, panachitika kafukufuku m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Anthu anayezedwa kunyumba kwawo, koma zotsatira ankayenera kukazitenga okha. Katswiri wa zachuma Rebecca Thornton anapeza kuti mwa amene sanalonjezedwe kanthu, 34 okha pa 100 alionse ndi amene anapita kukamva zotsatira zawo, pomwe kandalama kochepa kwambiri kanachulukitsa chiwerengerocho kawiri. Zikuoneka kuti ambiri sanali otsimikiza mtima kukana, ankangozengereza. Lero mlangizi amabaya chala, amadontheza magazi pa kachipangizo, n'kudikira mphindi 15 kuti aone ngati patuluke mzere umodzi kapena iwiri. Mphindi zimenezo n'zazitali mmene zinalili kale, koma mizere iwiri masiku ano ikutanthauza kuyamba mankhwala, kukhala ndi moyo, ndi kubereka mwana wopanda kachilombo. Kachilombo ndi komweko. Chimene chinasintha mtengo wa kudziwa ndi mankhwala. N'chifukwa chake sindingavomereze kuti munthu abisale kumbuyo kwa nkhani ya Wexler pokana kuyezetsa HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi kapena khansa ya khomo la chiberekero. Pamenepo kusadziwa kumapha, ndipo pa HIV kumaphanso mnzako wa m'nyumba.

Pamene palibe chochita, aphungu amatsata njira yotchedwa non-directive counselling, uphungu wosasankhira munthu. Phungu sanena kuti ndikanakhala ine ndikanayezetsa. Malangizo a padziko lonse oyezera Huntington, amene anatuluka mu 1994 n'kukonzedwanso mu 2013, amati munthu ayambe walandira uphungu, papite pafupifupi mwezi asanapange chisankho, abwere ndi womuperekeza, ndipo zotsatira aziuzidwa pamaso m'pamaso, osati pafoni kapena m'kalata. Akhoza kusintha maganizo nthawi ina iliyonse, ngakhale magazi atatengedwa kale ndipo envelopu ili patebulo. Mwana wosakwana zaka 18 sayezedwa ngakhale makolo atachonderera bwanji, chifukwa akayezedwa ndiye kuti amulanda chisankho chimene akanadzapanga yekha atakula. Kuchedwetsa konseku kuli ndi chifukwa chimodzi: mankhwala ukhoza kusiya, opaleshoni ukhoza kukana, koma chimene wamva sungachibweze.

Kumeneku ndiye kuchimake kwa ufulu wosadziwa. Mu 1997 unalembedwa m'mapangano awiri: la mayiko a ku Ulaya limene linasainidwa ku Oviedo m'dziko la Spain, ndi chikalata cha UNESCO chokhudza DNA ya anthu ndi ufulu wachibadwidwe. Onse awiri amati munthu ali ndi ufulu wouzidwa za thanzi lake, komanso akafuna kusauzidwa, chifuniro chakecho chilemekezedwe. James Watson, mmodzi mwa amene anatulukira kapangidwe ka DNA mu 1953, analola mu 2007 kuti DNA yake yonse iwerengedwe n'kuikidwa poyera, koma anapempha kuti jini ya APOE aibise, iye mwini asaione. Akatswiri ena anadzasonyeza kuti yankho lobisidwalo likanatheka kuliganizira poyang'ana DNA yoyandikana nayo. Izi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa zikusonyeza kuti makina akamawerenga zambiri, kusadziwa kumasanduka chinthu chovuta kuchisunga ngakhale kwa munthu amene wachipempha mwachindunji.

Kunena chilungamo, kusadziwa nakonso kuli ndi mtengo wake. Kafukufuku wa ku Canada amene anasindikizidwa mu 1992 anapeza kuti patatha chaka, anthu amene anamva zotsatira zawo za Huntington, kaya zabwino kaya zoipa, ambiri anali ndi mtima wokhazikika kuposa amene anatsala osadziwa mbali imene ali. Kukhala m'malere kumatopetsa. Ena akadziwa amasankha bwino za ukwati, za ana, za ntchito ndi za ndalama. Komabe tisaiwale kuti amene anayezedwawo ndi amene anadzisankha okha, anthu odziona kuti angapirire. Ndipo aphungu anadabwa kuona kuti ngakhale uthenga wabwino umavulaza ena. Munthu wakhala zaka 30 akudzikonzekeretsa kufa msanga, sanakwatire, sanapite patali ndi sukulu, kenako n'kuuzidwa kuti jiniyo alibe. Wina amadziimba mlandu kuti wapulumuka pamene mchemwali wake waitengera.

Makina a masiku ano abweretsa mawu ena, incidental findings, zopezeka mwangozi. Dokotala akufufuza chimene chikuchititsa mwana kukomoka, awerenga DNA yonse, n'kupeza kuti mwanayo ali ndi jini ya khansa imene mwina idzamuvute ali ndi zaka 40, zomwe zikutanthauzanso kuti kholo limodzi likhoza kukhala nayo. Kapena apeza kuti bambo amene wabwera ndi mwanayo si womubereka. Palibe amene anafunsa zimenezi. Mu 2013 bungwe la akatswiri a zachibadwa la ku America, ACMG, linatulutsa mndandanda wa ma jini 56 oti akapezeka ndi vuto wodwala aziuzidwa, kaya wafuna kaya sanafune. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo chaka chotsatira bungwelo linavomera kuti munthu akhoza kukana pasadakhale. Palinso overdiagnosis, kupeza matenda enieni koma amene sakanamuvuta munthu moyo wake wonse. Ku South Korea, kuunika chithokomiro ndi makina kutafala, chiwerengero cha opezeka ndi khansa ya chithokomiro mu 2011 chinali chochuluka ka 15 poyerekeza ndi mu 1993, koma omwalira nayo sanachuluke kapena kuchepa. Anthu zikwizikwi anachotsedwa chithokomiro n'kuyamba kumwa mankhwala moyo wonse chifukwa cha tizotupa timene tikanangokhala phee.

Chovuta koposa n'chakuti za m'magazi si za munthu mmodzi. Mnyamata amene agogo ake anamwalira ndi Huntington akayezetsa n'kupezeka nayo jiniyo, ndiye kuti waulula za mayi ake amene anakana kuyezetsa, chifukwa sikanamufika popanda kudzera mwa iwo. Ufulu wake wodziwa waphwanya ufulu wa mayi ake wosadziwa, ndipo onse awiri sanalakwe. Pa mimba, madokotala anapeza njira yotchedwa exclusion testing. Sayang'ana jiniyo. Amangoona ngati mwanayo watengera chromosome 4 yochokera kwa agogo odwala kapena kwa agogo athanzi. Ikakhala ya agogo athanzi, mwanayo ali bwino ndipo kholo silinadziwe za ilo lokha. Ikakhala ya agogo odwala, chiopsezo cha mwanayo ndi 50 pa 100, ndipo makolo ena amachotsa pathupi podziwa kuti mwina mwanayo analibe vuto. Umu ndi mmene anthu ena amalipirira kuti asadziwe.

Mbali inayo, ya wachibale amene akanafuna kudziwa, inafika kukhoti ku London. Bambo wina anapezeka ndi Huntington mu 2009 ndipo analetsa madokotala kuuza mwana wake wamkazi amene anali woyembekezera. Madokotala anasunga chinsinsi. Mwana wamkaziyo anadzamva mwangozi atabereka kale, anayezetsa n'kupezeka kuti nayenso ali nayo jiniyo, ndipo anasumira achipatala, kunena kuti akanadziwa sakanapitiriza mimbayo. Mu 2020 khoti linagamula kuti achipatala sanalakwe, koma linanenanso kuti dokotala amene akudziwana ndi wachibale wotere ali ndi udindo woyeza mbali zonse ziwiri, chinsinsi cha wodwala ndi ngozi ya wachibaleyo, osati kungotseka pakamwa chifukwa wodwala watero. Mwana amene anabadwa pa mimba ija ali ndi chiopsezo cha 50 pa 100, ndipo malinga ndi malangizo aja, palibe angamuyeze mpaka atakwanitsa zaka 18 n'kupempha yekha.