Kodi “wind shear” ndi kamvuluvulu?

Wowerenga wina wafunsa kuti: ndege ikalephera kutera, pa wailesi n'kunena kuti vuto linali “wind shear”, kodi akutanthauza kamvuluvulu? Ayi ndithu. Kamvuluvulu timamuona akuzunguza fumbi ndi masamba pabwalo. Koma mphepo ya “wind shear” siioneka.

Mawuwa ndi a Chingerezi. “Wind” ndi mphepo, pomwe “shear” ndi kudula, monga achitira sizasi pometa nkhosa. Ndiye kuti mphepo yasintha mwadzidzidzi liwiro kapena kolowera, pa kamtunda kochepa chabe.

Taganizani ndege ikutsika masana a Disembala, kumwamba kuli bii, mvula yamabingu ili pafupi. Mphepo ikuwomba kuchokera kutsogolo, kunyamula mapiko. Posakhalitsa yatembenuka, ikukankha kuchokera kumbuyo. Mapiko afooka, ndege yayamba kutitimira, pansi pali pomwepa. Woyendetsa sazengereza: amapatsa mainjini mphamvu zonse, kudzutsa mphuno ya ndege, n'kukwera kukazungulira kuti ayesenso.

Mphepo yotereyi inagwetsa ndege ya Delta ku Dallas mu 1985, anthu oposa 130 n'kufa. Pambuyo pake ndege zinayamba kuikidwa zida zochenjeza.

Choncho ndege yanu ikakweranso itatsala pang'ono kutera, musamudandaule woyendetsayo. Wachita bwino.