Thandizo la Boma ndi Minda ya ku Chilwa

Kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'dziko la Mfumu Mwambo ndi Mfumu Kuntumanji, munda uli wa mbumba. Mwamuna apita cikamwini, nalima nthaka ya kwao kwa mkazi wace, ndipo mai akatsikira kuli cete ana ace akazi agawana mundawo. Cotero mbadwo uli wonse minda inka nicepa.

Itapita njala ya 1949, Boma la Azungu linayamba mu 1950 kusankha alimi a citsanzo. Munthu wakukhala ndi munda waukuru pamalo amodzi, nasunga malamulo a alangizi, analandira mphotho ya ndarama. Koma nanga mkamwini akadasonkhanitsa bwanji minda ya eni ace? M'dziko lonse analowa owerengeka okha, anzao nawaona ndi diso loipa, ndipo nchitoyo inatha mu 1962.

M'masiku a Dr. Banda mtengo wa feteleza unacepetsedwa, ndipo ngongole inkaperekedwa m'makalabu a alimi. Apanso wosauka anatsalira panja, pakuti a m'kalabu anaopa kumlandira, kuti angadzalephere kubweza, iwo namlipirira.

Pofika 1995 thandizo lija linali litacotsedwa, ndipo caka comweco nyanja inaphwa. Amene ankagula cimanga ndi ndarama ya matemba anasowa pogwira.

Kuyambira pamenepo Boma linatembenukira kwa aminda yaing'ono. Mu 1998, m'nthawi ya Bakili Muluzi, mabanja a kumidzi analandira kaphukusi kaulere ka mbeu ndi feteleza, kokwanira kotala la ekala. Mu 2005 Bingu wa Mutharika anabweretsa makuponi. Kuponi imodzi inagula thumba la makilogalamu 50 pa K950, ndipo mu 2009 pa K500 yokha. Wosankhidwa anayenera kulandira matumba awiri, koma makuponi sanakwanire onse. M'midzi yambiri anthu anagawana, thumba limodzi mabanja awiri, kuti pasakhale udani. Ena, njala itawapana, anagulitsa kuponi kwa opeza bwino, ndipo sitingawadzudzule.

Pa zaka za mvula yabwino nkhokwe zinakhalitsa, ndipo ambiri anacepetsa maganyu a m'minda ya eni, nasamala yao. Koma munda wa ekala imodzi unakhalabe wa ekala imodzi, cimanga cace cakudya pakhomo, cosatsala cogulitsa. Ndarama ya mcere, sopo ndi zobvala za ana inacokerabe ku mpunga wa ku Likangala ndi nsomba za pa dooko la Kachulu.