Asilikari Opulumuka ku Mpweya Waululu

Mabuku a mbiri amatiphunzitsa kuti Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inatha pa 11 Novembala 1918. Koma kwa asilikari amene anapuma mpweya waululu m'maenje a nkhondo ku Ulaya, tsiku limenelo linangoletsa kulira kwa mfuti, pakuti matenda awo ambiri anali asanatulukire poyera.

Chida chimenechi chinaoneka mphamvu yake pa 22 Epulo 1915, pafupi ndi mzinda wa Ypres m'dziko la Belgium, pamene Ajeremani, mwa uphungu wa katswiri wawo Fritz Haber, anatsegula mpweya wa chlorine kuti mphepo iukankhire kwa adani. Oyamba kuupuma anali ankhondo a France, ena a iwo ochokera ku Algeria. Posakhalitsa mbali zonse ziwiri zinatengera njira yomweyo, ndipo m'chaka cha 1917 kunadza mpweya wina wotchedwa mustard, wotulutsa matuza pakhungu, wotupitsa maso, ndi wotentha m'chifuwa. Ophedwa ndi mipweya yonseyi amawerengedwa ngati 90,000, koma ovulala anapyola miliyoni imodzi. Tsono mbiri yaitali ya chidachi ili pa iwo amene anabwerera kwawo amoyo.

Choyamba chinali chifuwa. M'chaka cha 1955 akatswiri awiri a ku Britain, Case ndi Lea, anafalitsa zimene anapeza potsata amuna 1,267 olandira penshoni chifukwa cha mustard. Ochuluka a iwo anali ndi chifuwa chosatha, ndipo akufa ndi khansa ya m'mapapo anali pafupifupi kawiri kuposa chiwerengero choyembekezeka.

Chachiwiri chinali maso. Dokotala wa maso Ida Mann anafotokoza za amuna amene anaoneka ngati achira, nabwerera kuntchito zawo, koma patapita zaka khumi kapena kuposerapo zilonda zinabukanso m'maso mwawo, kotero kuti ena anasiya kupenya bwino atakula kale.

Chachitatu, chimene anthu anachedwa kuchizindikira, chinali mtima ndi maganizo. Chipolopolo munthu amachichotsa m'thupi nachiona. Koma ululu wolowa ndi mpweya palibe angatsimikize kuti watuluka. M'chaka cha 2008 Edgar Jones ndi anzake, atasanthula makalata a penshoni a asilikari 103, anasonyeza kuti ambiri anakhala zaka ndi zaka ali ndi befu, kugunda kwa mtima ndi nkhawa, pokhulupirira kuti mapapo awo anaonongeka kosachiritsika, ngakhale pamene madokotala sanapeze chilema chachikulu.

Pangano la ku Geneva la 1925 linaletsa kumenyana ndi zida zotere, koma silinaletse kuzipanga. Pambuyo pake Iraq anathira mustard pa ankhondo a Iran m'nkhondo ya 1980 mpaka 1988, ndipo matenda omwewo a chifuwa, maso ndi maganizo anaonekanso mwa anthu zikwi zambiri. Pangano loletsa ngakhale kupanga ndi kusunga linayamba kugwira ntchito mu 1997.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi, pophunzitsa za nkhondo musalekere pa chaka chimene inatha ndi chiwerengero cha akufa. Auzeninso ana za otsala, pakuti mwana wodziwa zaka zimene msilikari anakhala akutsokomola pakhomo pake ndiye wamvetsa mtengo wake wa nkhondo.