Masitepe atatu a amalume anga

Amalume anga anadwala poliyo ali mwana kwathu ku Chambe, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Sukulu analekezera Sitandade 3. Sikuti mutu sunkagwira ayi. Kalasi yawo inali ndi masitepe atatu, ndipo mnzawo amene ankawabereka pokwera anasamuka, makolo ake atapeza ntchito ku esiteti ya tiyi. Pamudzi ankangoti, "Nanga chilema chikaphunzira chidzatani?" Tamvani liwulo: chilema, ngati chinthu.

Lamulo la nthawiyo linkaganiza chimodzimodzi. Handicapped Persons Act ya 1971, yomwe inakhazikitsa MACOHA, inkati wolumala ndi amene sangathe kuphunzira, kugwira ntchito kapena kusewera ngati anzake chifukwa cha vuto la m'thupi kapena m'maganizo mwake. Mlandu wonse unkagwera thupi la munthuyo. Ndiye chithandizo chake chinali kumumvera chisoni n'kumuphunzitsa ntchito zamanja, monga kuluka ku Bangwe. Za masitepe, zii.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994, pa gawo 20, analetsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, koma sananene kuti ulumaliwo n'chiyani. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo Disability Act ya 2012 inatengera tanthauzo la panganolo. Apa ndi pamene zinthu zinatembenuka. Ulumali tsopano ndi vuto lokhalitsa la thupi, maganizo, nzeru, kuona kapena kumva, limene likakumana ndi zotchinga limalepheretsa munthu kuchita nawo zinthu mofanana ndi ena. Zotchinga! Masitepe aja analowa m'lamulo.

Chondidabwitsa n'chakuti lamulo la 1971 silinachotsedwe. Kwa zaka 12 dziko linali ndi matanthauzo awiri osagwirizana, mpaka Persons with Disabilities Act ya 2024 inafafaniza malamulo onse awiri, MACOHA n'kusanduka MACODA.

Nditawawerengera amalume tanthauzo latsopanoli pafoni, anaseka. "Ndiye mphwanga, wolumala ndi ine kapena sukulu ija?" Kenako anandituma kuti ndikaone ngati masitepe aja alipobe. Alipo. Pambali pake anamangapo potsetsereka pa simenti, koma m'pochita tsonga moti njinga ya olumala singakwere popanda wokankha.