Chirwa, Orton Edgar Ching'oli (1919–1992)

Loya ndi wandale wochokera ku Nkhata Bay, yemwe adali Mmalawi woyamba kukhala loya woyimirira anthu pa milandu. Adaphunzira ku Fort Hare, ku South Africa, ndipo adamaliza maphunziro a zamalamulo ku London mu 1958.

Atsamunda adamutsekera mu Malichi 1959 pamodzi ndi anzake a Nyasaland African Congress. Atangotuluka, m'chaka chomwecho, adayambitsa Malawi Congress Party, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda atamasulidwa mu 1960 adamupatsa mpando wa utsogoleri mosanyinyirika. Dziko likulandira ufulu mu 1964, Chirwa ndiye adali nduna ya zachilungamo.

Chimwemwecho sichidakhalitse. Mu Seputembala chaka chomwecho nduna zidasemphana ndi Banda, Chirwa adachotsedwa, nathawira ku Tanzania komwe pambuyo pake adakhazikitsa chipani cha Mafremo.

Pa 24 Disembala 1981 iye, mkazi wake Vera ndi mwana wawo Fumbani adagwidwa kumalire a Zambia. Mlandu woukira boma udazengedwa m'bwalo la mafumu, komwe Orton ndi Vera, yemwenso adali loya, sadaloledwe kukhala ndi owayimirira, chinthu chowawitsa mtima kwa munthu amene adatumikira malamulo moyo wake wonse. Mu 1983 adaweruzidwa kuti aphedwe, koma maiko akunja atadandaula chilangocho chidasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse. Ngakhale adali m'ndende imodzi ya Zomba, Orton ndi Vera adatha zaka zisanu ndi zitatu osaonana.

Orton adamwalirira m'ndendemo pa 20 Okutobala 1992. Vera adamasulidwa mu Januwale 1993.