Kadontho ka madzi m'cikho ca Misa

Mphatso zikafika pa guwa, wansembe amathira vinyo m'cikho, kenaka kadontho ka madzi. Mwana wina wokonzekera Ukaristiya woyamba anandifunsa ngati Bambo amatero pofuna kuti vinyo asathe msanga, popeza amacokera kutali. N'zoona kuti mphesa sitilima kuno ku Mandimba, Ngauma kapena Cuamba, ndipo ngakhale dzina loti vinyo tinabwereka kwa Apwitikizi. Koma kadonthoko n'kakale kuposa umphawi wa maparokiya athu. Mbiri yake imayambira m'mbiya za dothi.

Ku Atene, mzinda wa Agriki umene Paulo analalikirako, oumba mbiya anali ndi dera laolao lochedwa Kerameikos. Kumeneko oumba ambiri anali amuna, pamene kwathu dothi ndi la amayi. Ciwiya ciliconse cinali ndi nchito yake: amphora, mtsuko wa zigwiriro ziwiri, unkasunga vinyo ndi kuyenda naye pa zombo, hydria unali wa madzi, kylix cinali cikho cosaya ngati mbale. Koma mfumu ya zonse inali krater, mbiya yaikulu yotakata kukamwa, imene dzina lake limacokera ku mau oti kusakaniza. Ina yochuka inaumbidwa ndi Ergotimos, Kleitias n'kuijambula zithunzi, ca m'ma 570 Kristu asanabadwe. Lero ili ku Florence, ngakhale kuti mu 1900 mlonda wokwiya anaiphwanya zidutswa 638, akatswiri n'kuilumikizanso.

Pa phwando lakumwa, lochedwa symposion, krater inkakhala pakati. Ankasankha munthu mmodzi woti alamule kuculuka kwa madzi, ndipo kawirikawiri madzi ankaposa vinyo. Kumwa vinyo wosasungunula kunali khalidwe la anthu osaleredwa. Herodoto analemba kuti Asparta ankati mfumu yao Cleomenes inapenga cifukwa ca kumwa koteroko. Ayuda naonso anazolowera mwambowu: buku laciwiri la Amakabeo limatha ndi kutamanda vinyo wosakaniza ndi madzi.

Ife zimenezi sizitidabwitsa. Pa mowa wa dima, mbiya imakhala pakati, wamkulu ndiye amagawa, cipanda n'kumazungulira. Ndipo kuumba si kwa dzulo kuno: ku Nkope, m'boma la Mangochi, kutsidya kwa malire athu, anafukula mapale a zaka zoposa 1,000. Cimene cimandidetsa nkhawa ndi kacasu wa m'kabotolo, amene mnyamata amamwa yekha kuseri kwa msika. Pamenepo palibe mbiya, palibe wogawa, palibe womuuza kuti basi.

Komabe tisawakometse Agriki mopitirira. Pa symposion pankakhala amuna aufulu okha. Akazi ao ankatsala m'nyumba, akapolo n'kumatumikira. Akristu a ku Korinto, mzinda winanso wa oumba, atabwera ndi tsankho lotere pa mgonero wa Ambuye, wina kuledzera wina ali ndi njala, Paulo anawadzudzula kolimba m'mutu 11 wa kalata yake yoyamba. Mpingo unasunga kusakaniza, unataya kusankhana.

Ca m'ma 155, Justino Woyera, pofotokoza Misa ya ku Roma, anachula mkate ndi cikho ca vinyo wosakaniza ndi madzi. Patapita zaka pafupifupi 100, Cipriano Woyera, episkopi wa ku Cartago, anapereka tanthauzo limene timaphunzitsa mpaka lero: vinyo ndi magazi a Kristu, madzi ndi anthu ake, ndipo zikasakanizika palibe angazilekanitse. Msonkhano wa ku Trento unalamula mu 1562 kuti ansembe onse azitero.

Mwana uja ndinamuyankha kuti madziwo ndi iyeyo, ndi amake, ndi agogo ake amene sangathenso kuyenda ulendo wa ku kapela. Lamulungu lotsatira anakhala kutsogolo, khosi lili nga, kuti aone Bambo akuthira.